Mapiritsi Owonjezera pa Insulini: Acarbose, ma Gliptin, Kapena Jakisoni Wina?

Amene afika pa jakisoni chifukwa cha matenda a shuga amalidziwa vuto ili. M'mawa musanadye kamakina koyezera shuga kakusonyeza 110 kapena 120, mtima n'kukhala pansi. Masana mwadya mitanda iwiri ya nsima ndi nyemba, patapita maola awiri mwayezanso, kakuti 260. Mukati muwonjezere insulini wausiku kuti mugonjetse nambala yamasanayo, cha m'ma 3 koloko mbandakucha mukudzidzimuka thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Apa m'pamene dokotala, kapena m'bale amene ali ku Joni, amatchula za piritsi lowonjezera.

Mwa mapiritsi amenewa muli magulu awiri amene amagwira ntchito potsekereza maenzaimu. Enzaimu ndi kanthu ka m'thupi kamene ntchito yake ndi kuphwanya zinthu zina. Gulu loyamba, la acarbose, limagwira maenzaimu a m'matumbo amene amasandutsa nsima kukhala shuga. Gulu lachiwiri, la mankhwala amene mayina awo amathera ndi gliptin, limagwira enzaimu yotchedwa DPP-4 imene imayenda m'magazi. Ndawonjezerapo njira zina ziwiri, chifukwa mukakhala pansi ndi dokotala zimabwera pa tebulo lomwelo: mapiritsi otulutsa shuga mumkodzo, ndiponso kungosintha kabayidwe ka insulini popanda piritsi latsopano.

Palibe piritsi pano limene likulowa m'malo mwa insulini. Onsewa ndi othandizira, ndipo mlingo wake ndi wa dokotala amene waona buku lanu la kuchipatala.

Zoti muyambe mwaziona

Choyamba ndi mtundu wa shuga wanu. Zimene ndikufotokozazi ndi za akuluakulu a shuga wa mtundu wachiwiri, amene kapamba wawo akadatulutsako insulini ngakhale pang'ono. Wa mtundu woyamba, amene nthawi zambiri amayamba pa ubwana kapena pa unyamata, moyo wake uli pa insulini basi. Kuno kwathu kulinso anthu ambiri amene anapezeka ndi shuga ali akuluakulu koma ali owonda, ndipo kapamba wawo anatha mphamvu msanga. Kwa iwowa piritsi lodalira kapamba silipita patali.

Chachiwiri ndi nthawi imene shuga wanu amapulukira. Izi simungazidziwe ndi kuyeza kamodzi pamwezi pa kiliniki. Kwa masiku atatu kapena anayi yezani musanadye m'mawa, ndiponso patapita maola awiri mutadya chakudya chachikulu, n'kulemba. Kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi 80 mpaka 130 musanadye, ndi pansi pa 180 mutadya. Ngati ya m'mawa ndi imene ili pamwamba, vuto lili pa insulini wausiku, ndipo acarbose sangakuthandizeni kwenikweni. Ngati ya m'mawa ili bwino koma ya masana ikuuluka, nkhani ya mapiritsiwa ndi yanu.

Chachitatu ndi impso, chiwindi, mtima ndi m'mimba mwanu. Njira iliyonse ili ndi chiwalo chimene imadana nacho.

Chachinayi ndi mankhwala ena amene mukumwa, makamaka ma ARV ndi a chifuwa chachikulu cha TB. Timapepala ta m'mabokosi tolembedwa ku Ulaya timatchula zimenezi m'zilembo zing'onozing'ono kumapeto, pamene kwa ife ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Chachisanu, chimene ine ndimachiyika pamwamba pa zonse, ndi thumba. Awa si mankhwala a malungo omwa masiku atatu. Mukayamba, dokotala nthawi zina amachepetsa insulini poyembekezera kuti piritsi lithandizira. Mwezi umene piritsi lasowa, shuga amabwerera pamwamba insulini ali wochepa kale. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti kodi mudzathabe kugula pa mwezi wa 14 chiyambireni, mwezi wa fizi ya ana ndi feteleza.

Pali funso linanso laling'ono limene limapulumutsa ndalama zambiri: kodi piritsi la shuga la metformin mukumwabe? Ena amasiya akangoyamba jakisoni poganiza kuti ntchito yake yatha. Pokhapokha impso zitafooka kwambiri kapena m'mimba mutakana, madokotala ambiri amafuna kuti metformin apitirire limodzi ndi insulini, chifukwa amachepetsa insulini wofunika komanso kunenepa. M'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ndi amene ambiri akumwa m'Malawi kuyambira 2019, adziwe kuti dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, choncho mlingo wake umafunika kuunikidwanso.

Njira yoyamba: acarbose ndi abale ake

Nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata sizilowa m'magazi momwe zilili. Zimayamba zaphwanyidwa m'matumbo aang'ono ndi maenzaimu, makamaka alpha-glucosidase, mpaka kusanduka glucose, mtundu wa shuga umene umalowa m'magazi. Acarbose amakangamira pa maenzaimuwa, choncho chakudya chimagayika pang'onopang'ono ndipo shuga amalowa m'magazi modontha osati mokhuthuka. Mankhwalawa anachokera ku tizilombo ta m'nthaka totchedwa Actinoplanes. Kampani ya Bayer inayamba kuwagulitsa ku Germany mu 1990 pa dzina la Glucobay, ndipo ku America analoledwa mu 1995. Abale ake ndi miglitol ndi voglibose, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Japan ndi ku India.

Ku Ulaya ndi ku America acarbose anatha fasho. Ku China ndi amodzi mwa mankhwala a shuga omwedwa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: kumeneko mbale imadzadza ndi mpunga kapena zakudya za tirigu, ndipo piritsi logwira zakudya zokhutitsa limapindula kwambiri pamene zokhutitsazo zili zambiri. Tikayang'ana mbale yathu, ya nsima yaikulu ndi kandiwo pambali, tili pafupi ndi China kusiyana ndi London. Pa muyezo wa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu, amatsitsa ndi 0.5 mpaka 0.8. Ndiye kuti wa 9 angafike pa 8.3, osati pa 7.

*Mtengo.* Piritsi limodzi la ku India si lodula, koma mumamwa katatu patsiku, kutanthauza mapiritsi 90 pamwezi. Mukamafunsa mtengo ku famase, funsani wa mwezi wathunthu pa mlingo umene mudzakhazikikepo, osati wa kapaketi ka mapiritsi 10. Ubwino wake pa thumba ndi wakuti tsiku limene simukudya chakudya china, piritsi la chakudya chimenecho simumwa.

*Kupezeka.* Musayembekezere kuwalandira pawindo la chipatala cha boma. Ndi a m'mafamase a m'tauni, ndipo popeza owafuna ndi ochepa, si famase iliyonse imene imawasunga. Pa njira zonse zinayi, iyi ndi imene mungayendere mashopu ambiri.

*Kusamalira.* Piritsi limamwedwa ndi mbamu yoyamba ya chakudya. Mukakumbukira mutasamba kale m'manja, mwachedwa, lapita pachabe. Amayamba ndi 25 mg kapena 50 mg, kamodzi patsiku, n'kumakweza pakapita milungu ingapo, mpaka 100 mg katatu kwa amene akufunika choncho. Pa mlingo waukulu, magazi oona chiwindi amafunika kuyezedwa nthawi ndi nthawi m'chaka choyamba.

*Zoopsa.* Chakudya chimene sichinagayike kumtunda chimakafika m'matumbo aakulu, kumene tizilombo timachiwiritsa ngati thobwa. Zotsatira zake ndi mimba yotupa, kulira m'mimba, mpweya wosaugwira, nthawi zina kutsegula. Ambiri amene amasiya acarbose amasiyira chimenechi, ndipo sindingawanene. Munthu wokwera minibasi tsiku lililonse, kapena wokhala kutsogolo m'tchalitchi, amadziwa mtengo wa manyazi. Vutoli limachepa pakapita milungu ngati mwayamba ndi mlingo wochepa, ndipo limakula mukadya zotsekemera. Amene ali ndi zilonda za m'matumbo, matumbo otsekeka, chiwindi chouma kapena impso zofooka kwambiri sayenera kumwa.

Koma choopsa chenicheni kwa munthu wa pa insulini ndi china, ndipo ndinachiona ndi maso. Amalume anga ankabaya insulini ndi kumwa acarbose amene mwana wawo ankawatumizira. Tsiku lina pamaliro anabaya mlingo wawo wa masiku onse, anamwa piritsi, koma nsima ya pamaliro mukuidziwa, mbale imodzi anthu asanu. Anangodya pang'ono, kenako ulendo wa kumanda padzuwa. Pobwerera anakhala pansi pa mtengo, akuyankhula zosamveka, malaya atanyowa. Azimayi anathamanga ndi tiyi wothira masupuni anayi a shuga, monga aliyense anaphunzitsidwira. Anamwa, koma mphindi zinkapita osasintha. Mwamwayi pa anamfedwa panali namwino wina amene anafunsa mankhwala amene amamwa, ndipo atamva dzinalo anatuma mnyamata panjinga kukagula ufa wa glucose kugolosale. Ndi umene unawadzutsa.

Chimene chinachitika n'chakuti shuga wa mu tiyi, wochokera ku nzimbe, nayenso amafunika kuphwanyidwa ndi maenzaimu omwe aja acarbose wawagwira. Choncho shuga akatsika pansi pa 70 mwa munthu wa acarbose, tiyi wotsekemera, masiwiti ndi nzimbe zimachedwa kugwira. Chofunika ndi glucose weniweni, magalamu 15, wa ufa kapena wa mapiritsi. Mkaka umathandizanso chifukwa shuga wake amaphwanyidwa ndi enzaimu ina. Ngati palibiretu china, mpatseni chimene chilipo uku mukuthamangira kuchipatala, ndipo wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa. Wosankha acarbose ayende ndi glucose m'thumba, ndipo mkazi wake, ana ake ndi anzake a kuntchito adziwe chifukwa chake.

Za mtima, musakopeke ndi zonena za ogulitsa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ACE, amene anachitikira ku China pa anthu oposa 6,000 odwala mtima ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, sanapeze kuti acarbose amachepetsa matenda a mtima kapena sitiroko.

Njira yachiwiri: ma gliptin

Mukadya, matumbo amatulutsa timahomoni, makamaka GLP-1, touza kapamba kuti atulutse insulini ndiponso kuti chiwindi chisiye kuthira shuga m'magazi. Enzaimu ya DPP-4 imawononga timahomoniti pa mphindi zochepa chabe. Ma gliptin amatsekereza enzaimuyi, uthenga n'kukhalitsa. Chosangalatsa n'chakuti uthengawu umamveka pokhapokha shuga akakhala wokwera, choncho paokha sagwetsa shuga mopitirira. Oyamba anali sitagliptin wa kampani ya Merck, wodziwika kuti Januvia, mu 2006. Anatsatira vildagliptin kapena Galvus mu 2007 ku Ulaya, saxagliptin mu 2009, ndi linagliptin kapena Trajenta mu 2011.

Akawonjezedwa pa insulini amatsitsa HbA1c ndi pafupifupi 0.5 kapena kupitirira pang'ono. Mphamvu yake ndi yofananako ndi ya acarbose. Chimene anthu amawakondera ndi mtendere: sanenepetsa, m'mimba savutitsa kawirikawiri, ndipo samangidwa ku nthawi ya chakudya. Koma amadalira kapamba. Munthu amene wakhala ndi shuga zaka 20, kapena wowonda uja amene kapamba wake anauma msanga, angamwe miyezi itatu nambala osasuntha.

*Mtengo.* Kale anali mankhwala a anthu a inshulansi okha. Zinthu zinasintha pamene ufulu wa kampani imodzi wopanga yokha vildagliptin unatha ku India kumapeto kwa 2019, ndi wopanga sitagliptin mu 2022, makampani ambiri n'kuyamba kupanga awo otsika mtengo. Lero kusiyana kwa mtengo pakati pa bokosi la dzina lotchuka ndi la ku India n'kwakukulu, mankhwala ake ali amodzimodzi. Funsani ndi dzina la mankhwala, osati la kampani. Komabe onse ndi ochokera kunja, ndipo amene ankagula mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo ya m'mafamase inalumphira. Sitagliptin ndi piritsi limodzi patsiku, vildagliptin nthawi zambiri awiri. Aliponso ophatikizidwa ndi metformin m'piritsi limodzi, koma ngati metformin mumalandira ulere, kugula wophatikiza ndi kulipira chinthu chimene muli nacho kale.

*Kupezeka.* Sitagliptin ndi vildagliptin ndi amene mungawapeze mosavutirapo m'mafamase ndi m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu. Linagliptin ndi wosowerapo komanso wodula. Kumaboma akutali, konzekerani kugula a miyezi iwiri kapena itatu mukapita m'tauni. Gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, osati kwa oyenda ndi zikwama. Amene ali ku England ali pabwino: wodwala shuga amene ali pa mankhwala amalandira mankhwala ake osalipira akakhala ndi chiphaso chake. Koma kudalira kuti m'bale wa kunja azikutumizirani n'komwe kuja kwa amalume anga. Wobwera nawo akasintha tsiku la ulendo, inu mwakhala milungu itatu opanda kanthu.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene ma gliptin amasiyanirana. Sitagliptin amatuluka kudzera m'impso, choncho mlingo wa 100 mg umatsitsidwa kufika pa 50 kapena 25 impso zikafooka. Muyenera kuyezetsa impso musanayambe, ndiponso kamodzi pachaka. Vildagliptin amafuna kuyeza chiwindi musanayambe komanso miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, ndipo ndalama ya mayezo amenewa muiwerengere pa mtengo. Linagliptin, wa 5 mg kamodzi patsiku, amatuluka kudzera mu ndulu ndi m'matumbo, choncho mlingo susintha ngakhale impso zitafooka bwanji.

Pa mankhwala ena: rifampicin wa TB amafooketsa linagliptin, moti pa miyezi 6 ya chithandizo cha TB piritsilo silidalirika. Ma ARV okhala ndi ritonavir kapena atazanavir amachulukitsa saxagliptin m'magazi, ndipo mlingo umayenera kutsitsidwa. Sitagliptin alibe mikangano yambiri yotere.

*Zoopsa.* Limodzi ndi insulini, shuga angathe kutsika mopitirira, makamaka milungu yoyamba, koma apa tiyi wa shuga amagwira ntchito monga mwa masiku onse. Choopsa chosachitika kawirikawiri koma chachikulu ndi kutupa kwa kapamba: ululu woopsa pamwamba pa mchombo wopyoza mpaka kumsana, ndi kusanza. Zikatero siyani piritsi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amene anadwalapo kapamba, kapena amamwa mowa kwambiri, asayambe n'komwe. Mu 2015 bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linachenjeza za kuphwanya kwa m'malo olumikizana mafupa kumene ena amakumva, ndipo pali ochepa, makamaka okalamba, amene amatuluka matuza akuluakulu pakhungu.

Nkhani ya mtima ndi yofunika kuimvetsa. Kafukufuku wa SAVOR wa mu 2013 anapeza kuti omwa saxagliptin ankagonekedwa kawirikawiri chifukwa cha mtima wolephera kupopa bwino magazi, ndipo mu 2016 chenjezo linaikidwa pa saxagliptin ndi alogliptin. Kafukufuku wa TECOS wa mu 2015 sanapeze vuto limeneli pa sitagliptin. Ndiye ngati miyendo imatupa ndipo mumabanika mukagona chagada, saxagliptin si wanu. Koma dziwaninso kuti palibe gliptin amene anasonyeza kuti amateteza mtima kapena impso. Amatsitsa nambala, basi.

Njira yachitatu: otulutsa shuga mumkodzo

Awa, empagliflozin ndi dapagliflozin, satsekereza enzaimu. Amatseka kakhomo ka m'impso kamene kamabweza shuga m'magazi, ndipo munthu amataya shuga wokwana magalamu pafupifupi 70 patsiku pokodza. Ndawaika pano chifukwa ali ndi chimene awiri aja alibe. Kuyambira ndi kafukufuku wa EMPA-REG mu 2015, zaoneka mobwerezabwereza kuti amachepetsa kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka ndipo amachedwetsa kuwonongeka kwa impso. N'chifukwa chake bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Pa mndandandawo acarbose ndi ma gliptin palibe.

*Mtengo.* A mayina otchuka, Jardiance ndi Forxiga, ndi odula. Dapagliflozin wa ku India watsika ndithu. Piritsi ndi limodzi patsiku.

*Kupezeka.* M'mafamase a m'tauni, mofanana ndi ma gliptin.

*Kusamalira.* Madzi ambiri, ukhondo wa kumalo obisika, kuyeza impso, ndi lamulo limodzi losaphwanyika: tsiku limene mukusanza, mukutsegula m'mimba, malungo akukanitsani kudya, kapena mukuyembekezera opaleshoni, piritsi liyime. Insulini ndi amene sayima.

*Zoopsa.* Mkodzo wa shuga umaitana mauka kwa amayi ndi zotupa zoyabwa kwa abambo, makamaka osadulidwa. Kukodza pafupipafupi kumatha madzi m'thupi, ndipo wolima padzuwa la October ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena wokalamba womwa kale mapiritsi okodzetsa a BP, angachite chizungulire n'kugwa. Choopsa kwambiri ndi asidi wochuluka m'magazi, amene angabwere kamakina kakuonetsa shuga wabwinobwino. Zimachitika makamaka kwa amene thupi lawo lilibiretu insulini, kapena amene achepetsa jakisoni kwambiri poona nambala zokongola. Ku Ulaya dapagliflozin analoledwa kwa kanthawi kwa odwala a mtundu woyamba, koma chilolezocho chinachotsedwa mu 2021. Munthu wowonda amene sizikudziwika bwino kuti shuga wake ndi wa mtundu uti asamale kwambiri ndi njira iyi.

Njira yachinayi: kusintha insulini, osawonjezera piritsi

Njira iyi ilibe woitsatsa, koma ndi yamphamvu kuposa zonse. Ngati shuga amakwera mukadya, mungawonjezere insulini wofulumira, woyera ngati madzi uja, theka la ola musanadye chakudya chachikulu. Kapena mungasinthire ku wosakaniza wa 30/70, wobaya m'mawa ndi madzulo. Mapiritsi aja ali ndi polekezera, sapitirira 1 pa HbA1c kawirikawiri. Insulini alibe malire otero.

*Mtengo.* M'zipatala za boma insulini ndi waulere. Ndalama imapita ku timapepala toyezera, chifukwa jakisoni akachuluka kuyezanso kumachuluka, ndiponso ku masirinji pamene asowa.

*Kupezeka.* Kuzipatala zazikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, ndi kuzipatala za maboma kuli makiliniki a shuga. Nthawi zina mtundu umene munazolowera umatha n'kupatsidwa wina. Musachoke pawindo musanafunse ngati mlingo ndi nthawi yobaya zikhale zomwezo.

*Kusamalira.* Kubaya kawiri kapena katatu, kusinthasintha malo obaya kuti pasachite zibuma, ndi kusunga botolo pozizira. Kopanda filiji, mtsuko wadothi wa madzi woikidwa pamthunzi umagwira ntchito, ndipo botolo lotsegulidwa ligwiritsidwe ntchito mkati mwa milungu inayi. Wosakaniza uja amafuna munthu wodya pa nthawi yake. Mukabaya m'mawa, nkhomaliro isadumphidwe.

*Zoopsa.* Shuga kutsika mopitirira ndi kunenepa. Kutsikaku ndi nkhani yaikulu kwa woyendetsa galimoto, wokhala yekha, ndi banja limene mu January ndi February limadya kamodzi patsiku. Ndipo ngati pamwamba pa insulini wochulukayo mukumwabe piritsi la shuga la glibenclamide, funsani dokotala ngati akufunikabe, chifukwa awiriwa akaphatikizana amagwetsa anthu, makamaka okalamba.

Ndani atenge iti

Ngati HbA1c yanu ili pa 10 kapena kupitirira, mukuwonda, mukumwa madzi usiku wonse, iwalani kaye za mapiritsi. Theka la nambala silikufikitsani kulikonse. Konzani insulini, metformin apitirire ngati impso zikulola.

Ngati muli ndi mtima wofooka, kapena mayezo asonyeza kuti impso zayamba kutaya mapuloteni mumkodzo, ndipo ndalama yanu ikukwanira piritsi limodzi lokha, ine ndingaiponye pa dapagliflozin kapena empagliflozin, osati pa gliptin. Koma mukhale munthu amene angakumbukire kuliyimitsa tsiku la matenda.

Gogo wa zaka za m'ma 70, wodya pang'ono, amene shuga wake wangopitirira pang'ono pa cholinga ndipo ana akuopa kumuwonjezera jakisoni, gliptin amamuyenera. Impso zikakhala zofooka, linagliptin, kapena sitagliptin wa mlingo wotsitsidwa ngati linagliptin sakupezeka kapena wadula. Miyendo ikamatupa chifukwa cha mtima, saxagliptin ayi.

Amene ya m'mawa ili bwino, vuto lili pa nsima ya masana ndi madzulo yokha, m'mimba mwake n'molimba, ndipo wapeza famase imene imasunga acarbose mosadukiza, angayese. Ayambe ndi chakudya chimodzi chachikulu, aone nambala pakatha mwezi, glucose ali m'thumba. Wokhala yekha, kapena wokhala ndi anthu amene pa ngozi adzathamangira tiyi basi, ndingamulangize gliptin kapena jakisoni wa pachakudya m'malo mwake.

Amene ali pa mankhwala a TB apewe linagliptin mpaka atamaliza, ndipo popeza TB yeniyeniyo imakweza shuga, miyezi imeneyo nthawi zambiri imakhala ya insulini wowonjezera. Wa ma ARV okhala ndi ritonavir atchule zimenezi asanalemberedwe saxagliptin.

Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene akufuna kutenga pakati: mapiritsi a magulu atatu onsewa si ake. Wa shuga wa mtundu woyamba chimodzimodzi.

Ndipo ngati mukukhala kutali ndi tauni, ndalama imabwera pokolola pokha, sankhani insulini ndi metformin wa kuchipatala, ndipo ndalama imene mukanagulira mapiritsi mugulire timapepala toyezera. Aliyense amene wayamba piritsi latsopano apangane ndi dokotala tsiku lobwerera pakatha miyezi itatu, atanyamula nambala zake zolemba. Zikapezeka kuti sizinasunthe, piritsilo lichotsedwe.